Ndinaphunzitsa Agalu ndi Mlamba Wouma

Ana anga, za ubwana wanga sindilembapo, chifukwa sunasiyane ndi wa mwana aliyense wa m'mbali mwa Shire: kuwedza, kuingitsa mbalame m'mapira, kudwala malungo ndi kuchira. Chimene ndikufuna musunge ndi mbiri ya ntchito yanga. Mwakula mukumva anthu akunditchula kuti a Andireya a agalu, ena moseka, ena mwaulemu, ndipo ndikudziwa kuti ena a inu dzinali linkakuchititsani manyazi kusukulu. Tsono poti maso akadaona ndipo dzanja likadagwira pensulo, ndati ndikulembereni mmene zinayendera.

Cha m'ma 1900: ku munda wa thonje, kumunsi kwa Chikwawa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa munda wa thonje wa mzungu wina. Ndinali ndi ndevu zongoyamba kumera, ndipo poti ndinali nditaphunzira kuwerenga ndi kulemba pa sukulu ya mishoni, ndinkadziona ngati kalaliki kale. Kapitawo wa pamundapo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nati, "Ya ukalaliki kulibe. Ilipo ya agalu. Amene anali pamenepo wathawa dzana, amuluma pa katumba." Kubwerera kumudzi chimanjamanja nditatsanzika monyada kunali kowawa kuposa kulumidwa, choncho ndinavomera.

Mwini mundayo tinkamutchula kuti Bwana Kaliwo, chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake ngakhale fodya atatha. Anali ndi agalu asanu ndi mmodzi, anayi a makutu akuluakulu amene anabwera nawo pa sitima ya pamadzi, awiri achikuda. Ntchito yawo inali kupirikitsa anyani ndi nguluwe zimene zinkawononga chimanga cha phoso, chakudya cha antchito, ndiponso kuperekeza bwanayo kosaka. Yanga inali kuwaphikira phala la mafupa, kuwachotsa nkhupakupa, kuwasambitsa, ndi kugwira chingwe bwana akamawaphunzitsa. Iye anali ndi buku la Chingerezi lonena za agalu, ndiponso chikoti cha chikopa cha mvuu. Sindinganene kuti anali munthu wa nkhanza mumtima, ayi. Ankachita zimene bukulo linkanena, kapena zimene ankaganiza kuti likunena. Galu akachedwa kubwera poitanidwa, ankamudikira afike, kenako chikoti. Ine ndinkangoona kuti tsiku lililonse agaluwo akuchedwerachedwera. Panali galu wamkazi wotuwa amene ndinamutcha Phulusa, poti dzina lake la Chingerezi linkandipinda lilime. Ameneyu akangomva likhweru la bwana ankakodza pomwepo, n'kukalowa pansi pa nkhokwe, ndipo kuti atuluke ndinkachita kumukoka miyendo.

Maso anga anatsegulidwa ndi msodzi wina wa kwa Nyachikadza, a Zuze, amene ankakwera ndi mtsinje mwezi ndi mwezi kudzagulitsa nsomba zouma za ndiwo za antchito. Tsiku lina ndinatumidwa kudooko kukathandiza kutsitsa mitolo. Ndinapeza bwato lili lodzaza milamba yowamba, eni ake apita kukaitana kapitawo, ndipo pakati penipeni pa nsombazo pakhala kagalu kofiirira, kowonda, makutu ali njo. Fungo la mlamba linali ponseponse moti ine ndemwe malovu anadzaza m'kamwa, koma kagaluko sikanakhudze ngakhale chipsepse. A Zuze atabwera ndinawafunsa, "Bambo, kagaluka munakamenya kangati kuti kaleke kuba?"

Anaseka, nayankha mosakaniza ndi Chisena chawo. "Nkhabe! Mwanambwa uyu dzanja langa salidziwa kuwawa kwake. Ine ndimamulipira."

"Kulipira galu?"

"Nanga iwe pano ukugwira yaulere? Bwana wako atati mwezi ukatha azikupatsa chikoti, mawa lake ungabwere? Ungabwere mwina, koma ukukwawa, maso ali kunjira yothawira. Taona."

Anabenthula kachidutswa ka mlamba kochepa ngati chikhadabo, naitana kagaluko. Katangofika pamapazi awo, kachidutswako kanali kale m'kamwa mwake. Anakweza chala, kagalu kanakhala pansi, kenanso kachidutswa. "Chinsinsi chake ndi changu," anatero. "Akachita chimene ukufuna, mpatse usanameze malovu. Ukachedwa, iye sadziwa kuti wamuthokozera chiyani. Ndipo akalakwa, tseka dzanja, yang'ana kumbali. Kumanidwa kumamuwawa mokwanira."

Ndinagula mlamba umodzi ndi ndalama yanga, n'kuuduladula, n'kuika m'kathumba ka nsalu m'chiuno. M'mawa uliwonse bwana asanatuluke ndinkakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, osamuyang'ana Phulusa, n'kuponya kachidutswa pafupi ndi mphuno yake. Sabata yoyamba ankadya ndikachoka. Yachiwiri anayamba kutulutsa mutu. Tsiku limene anadya m'dzanja langa, ndinakondwa ngati ndapha njovu. Koma musaganize kuti ndinali katswiri. A Zuze atabweranso ndinawatengera kuseri kwa khola kuti ndiwaonetse luso langa. Ndinati "Khala," Phulusa anakhala, ine n'kuyamba kufufuza m'kathumba, iye n'kundidumphira pachifuwa, ine n'kumupatsa. A Zuze anaseka mpaka anagwira mtengo. "Mphwanga, wamuphunzitsa bwino zedi. Wamuphunzitsa kudumphira anthu! Nsomba izikhala kale m'dzanja usanatsegule pakamwa." Zinanditengera masabata atatu kuchotsa chimene ndinadzala m'masiku atatu.

Bwana anadziwa mwangozi. Tsiku lina masana mbuzi za kapitawo zinadutsa pabwalo agalu ali omasula, ndipo onse anazithamangira. Bwana anakuwa, kaliwo n'kugwa, koma palibe anatembenuka. Ine osaganiza n'komwe ndinaimba likhweru langa lalifupi limene ndinamuzoloweza Phulusa. Anaima ngati wakokedwa ndi chingwe, natembenuka, nabwera ali liwiro kudzakhala pamapazi anga. Bwana anatola kaliwo wake, napukuta fumbi, nandiyang'ana.

"Andireya, iwe wachita mankhwala?" anafunsa m'Chinyanja chake chopindikapindika.

"Iyayi, bwana. Ndi mlamba."

Ndinamuonetsa kathumba. Ananunkhiza, nakwinya nkhope. Anati chimenecho ndi chiphuphu, galu ayenera kumvera chifukwa cha ulemu, ndipo tsiku limene nsomba idzathe adzandisiya ndili chiimire. Ndinayankha mwaulemu kuti masiku amenewo sindinkamupatsanso nthawi zonse, mwina kachitatu kalikonse, mwina kungomusisita kukhosi, koma amabwerabe poyembekeza kuti mwina lero. Bwanayo anali ndi khalidwe limodzi labwino: ankakangana ndi mawu, koma sankakangana ndi chimene waona ndi maso. Anati, "Tenga onse. Miyezi iwiri." Miyezi iwiriyo itatha, agalu onse ankabwera pa likhweru, ankadutsa pakati pa nkhuku osazicheukira, ndipo kumunda ankapirikitsa anyani mpaka pamalire n'kubwerera, osalowa nawo m'thengo kumene nyani wamkulu amang'amba galu. Chikoti chija anachipachika pakhonde, ndipo mavu anamangapo chisa.

Mbiri inamveka. Azungu ena a minda ndi a kudooko la Chiromo anayamba kutumiza agalu awo kwa ine. Pamenepo m'pamene ndinaphunzira chinthu chachiwiri, chimene a Zuze sanandiuze. Galu ndinkamubweza kwao ali wosintha, koma pakapita mwezi ankabweranso ndi uthenga woti waiwala zonse. Sanali kuiwala. Kunyumbako bwana ankanena liwu lina, dona lina, wophika lina, ndipo wina ankamuitana kuti amumenye. Ndinapempha Bwana Kaliwo kuti aziwauza anzakewo kuti galu asamabwere yekha, azibwera ndi munthu amene amakhala naye. Ena anakwiya kuti munthu wakuda awaphunzitse. Ena anabwera. Ndikukumbukira dona wina wamtali amene anaima padzuwa m'mawa wonse, chipewa chili pamutu, zala zikununkha mlamba, akuseka ngati mwana pamene galu wake anagona pansi atamuuza koyamba.

Cha m'ma 1910: kufupi ndi Port Herald

Thonje litakanika zaka ziwiri zotsatizana, Bwana Kaliwo anasamukira ku munda wina kufupi ndi Port Herald, kumene inu mukuti ku Nsanje, ndipo ananditenga pamodzi ndi agalu. Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi amayi anu, Esitere, akugulitsa mbatata pafupi ndi njanji. Abale awo a kwa Mbenje atamva ntchito yanga anafunsa kawiri, poganiza kuti sanamve bwino. Amalume awo anati, "Tsono mwana wathuyu azikadya chiyani, zotsala za agalu?" Esitere anayankha yekha, ngakhale sikunali koyenera kuti alankhule pamenepo, kuti munthu amene sakweza dzanja pa galu sadzalikweza pa mkazi. Tinakwatirana mu tchalitchi, ndipo bwana anatipatsa nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa khola la agalu.

Zaka zimenezo zinali zokoma. Kutentha kwake mukukudziwa, kotero ndinkaphunzitsa m'mamawa dzuwa lisanakwere, pang'ono pokha, n'kuleka galu akadafunabe. Vuto lalikulu kumeneko linali ng'ona. Tinataya galu mmodzi wabwino ataweramira kumwa pamtsinje ine ndikuona, ndipo kuyambira pomwepo ndinayamba kuphunzitsa ana agalu onse kumwa m'phale lokha, kutali ndi gombe. Ndinkayenda nawo pa chingwe m'mbali mwa madzi ali ndi ludzu, ndipo aliyense wotembenukira kwa ine m'malo mwa mtsinje ankapeza phale la madzi ndi kachidutswa ka nsomba. Sitinatayenso wina.

Kenako kunabwera nkhondo ya Ajeremani. Bwana Kaliwo anaitanidwa, nandigwira dzanja pa sitesheni, nati, "Sunga agalu anga, Andireya." Sindinamuonenso, ndipo sindinamve kuti anathera kuti. Zinthu zinayamba kusowa. Mchere unasowa, nsalu zinasowa, nsomba zouma zinkapita kwa asilikali, ndipo a Zuze analeka kubwera. Kathumba kanga kanakhala kopanda kanthu. Apo m'pamene ndinazindikira kuti malipiro a galu si nsomba yokha. Ndinkakazinga chimanga, ndinkagwira ziwala ndi ngumbi pa nyengo yake, ndinkaumitsa makoko a mbatata. Mwana wina wa Phulusa sankasamala n'komwe za chakudya, koma ankafera kansanza komangidwa mfundo. Ukamuponyera kamodzi, akanakuchitira chilichonse.

M'malo mwa Bwana Kaliwo munabwera mzungu wina amene antchito anamutcha Bwana Msanga, chifukwa liwu la Chinyanja limene ankalidziwa bwino linali lomwelo. Masiku amenewo amuna ankatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo, ntchito ya mtengatenga, ndipo ambiri obwerako ankabwera ali mafupa okhaokha, ena osabwera konse. Choncho amuna akamva kuti olemba anthu ali pafupi, ankathawira m'bango la kudambo. Antchito a pamunda pathu nawonso anayamba kuthawa, poti chakudya chinachepa pamene ntchito inachuluka. Tsiku lina m'mawa Bwana Msanga anandipeza ndikuphunzitsa galu kutsata fungo la nguluwe. Anaonerera mwachidwi, kenako anatulutsa m'thumba malaya ong'ambika a wantchito wina amene anathawa dzulo lake.

"Galu uyu angatsate nguluwe. Angatsate munthu?"

Ndinadziwa yankho, ndipo iye anaona pankhope panga kuti ndikulidziwa. Kwa galu, fungo ndi fungo. Sabata ziwiri zikanakwana.

"Uwaphunzitse atatu," anatero. "Msanga. Ukatero ndikupanga kapitawo, ndipo dzina lako silidzalembedwa pa mtengatenga. Ukakana, nyumba ija ndi ya munda."

Ndinapempha tsiku limodzi. Ndinawapeza amayi anu kudimba akupalira mbatata, ali ndi pakati pa iwe Rute, miyezi itapita ndithu. Ndinawafotokozera zonse, osabisa kuti ndikachotsedwa ntchito sindidzakhalanso ndi chonditchinjiriza, ndipo olemba anthu adzandipeza. Ndinanenanso zimene mtima wamantha unkandinong'oneza: kuti ndikakana ine adzapeza wina, kuti agalu anga saluma munthu, angomupeza basi. Esitere anaimika khasu, natsamira pa mpini.

"Akamupeza, amene adzamumange ndani?"

"Si ine."

"Nanga amene wamulozera ndani?" Anapukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu. "Bambo, m'bangomo muli achimwene anga awiri. Muli ana a anthu amene timapemphera nawo. Ine sindikuuzani chochita, ntchito ndi yanu. Koma mukadzakhala kapitawo, ine kumtsinje ndizikatunga madzi nthawi yanji kuti ndisakumane ndi akazi awo?"

Ndinaganizapo zonama, kuvomera pakamwa koma n'kuwaphunzitsa agaluwo molakwika dala. Zikanatheka masiku ochepa. Koma ndinadziwa kuti bwanayo akaona agalu akulephera adzatsitsa chikoti, ndipo olangidwa chifukwa cha bodza langa adzakhala iwo. Ndiponso panali china chimene sindinathe kuwafotokozera bwino amayi anu tsiku limenelo. Agalu amenewo ankandichitira zonse chifukwa sindinawanamizepo. Dzanja langa likatseguka, munkatuluka chabwino. Kutenga chikhulupiriro chimenecho n'kukasakira nacho anthu anzanga kunandinyansa, ngati kutunga madzi a chimbudzi ndi chikho chomwera.

M'mawa mwake ndinavala malaya anga a ku tchalitchi n'kupita pakhonde.

"Bwana, ndabwera kudzanena kuti ntchito ija sinditha."

"Sutha, kapena sufuna?"

"Kutha ndingathe, bwana. Sindifuna."

Anafiira mpaka m'khosi. Analankhula zambiri m'Chingerezi zimene ndikuthokoza kuti sindinazimve, kenako anati dzuwa lisanalowe nyumba ikhale yopanda munthu. Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti ndipite ndi Phulusa, amene pa nthawiyo anali wokalamba, mano atatha, diso limodzi litachita ng'ala. Anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche, nati ndimutenge, ngosathandiza. Enawo ndinawasiya. Ndinalowa m'khola, ndinawasisita mmodzimmodzi, n'kuwagawira chimanga chonse chimene chinali m'kathumba popanda kuwauza kuti achite kanthu. Tikuchoka ndi mitolo pamutu ankauwa, ndipo sindinacheuke. Ndinamva pambuyo pake kuti bwanayo anayesa yekha ndi chikoti ndipo sanagwire nawo munthu ngakhale mmodzi, koma zimenezo sindinaone ndi maso anga.

Tinakakhala kwa Ndamera, kumene azakhali a amayi anu anatipatsa malo. Zimene ndinkaopa zinachitikadi. Pasanathe miyezi iwiri ananditenga, ndipo ndinasenza mabokosi m'dziko la eni mpaka mapazi anang'ambika. Za ulendo umenewo sindikonda kunena. Ndinabwerako wamoyo, ndinakupeza iwe Rute ukukwawa, ndipo ndinapeza Phulusa atafa mvula itangoyamba. Amayi anu anamukwirira pansi pa mtengo wa masau, anthu akuwaseka kuti akulira maliro a galu. Ngati mufuna kudziwa ngati ndinadandaulapo za yankho langa pakhonde paja: panjira, katundu ali pamutu, ndinadandaula kangapo. Nditabwerera kumudzi, n'kumakhala pabwalo ndi alamu anga aja a m'bango, sindinadandaulenso.

Cha m'ma 1920: kwa Ndamera

Sindinalembedwenso ntchito kwa mzungu. Ndinalima thonje langa, mapira ndi mbatata, ngati wina aliyense. Koma munthu sataya luso lake. Ndinalera ana agalu awiri a m'mudzi momwemo, ndipo anthu anayamba kuona kuti munda wanga, ngakhale unali kumapeto cha kuphiri, anyani ankaulambalala. Agalu a anzanga anali ambiri, koma ankangodziwa kuba mazira ndi kuthawa miyala. Mmodzimmodzi anayamba kubwera. Wina ankafuna ndimugulitse mankhwala, wina ankafuna andisiyire galu wake adzamutenge atachenjera. Onse ndinkawayankha chimodzimodzi: "Galu wanu alibe vuto. Bwerani naye Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa msangu, mutenge kanthu kamene amakakonda, ndodo muisiye kunyumba."

Umo ndi mmene inayambira sukulu yanga, ngati ingatchedwe sukulu. Sindinkalipiritsa, koma wina ankabweretsa nkhuku, wina dengu la mchewere, ndipo amayi anu sankakana. Ophunzira enieni anali anthu. Mwamuna wamkulu, wa akazi awiri, kumuuza kuti agwade pansi, afewetse mawu, ayamikire galu pamaso pa anzake, inali ntchito yoposa kuzula chitsa. Ambiri ankati ndikuwononga ndiwo. Ena ankabwera kawiri n'kuleka.

Poona kuti zimene ndanena Loweruka zimaiwalika pofika Lachiwiri, ndinagula kope kusitolo ya Mmwenye n'kuyamba kulemba. Ndinalemba m'mawu a tsiku ndi tsiku: kuti liwu limodzi likhale la chinthu chimodzi, ndipo a m'nyumba monse azinena lomwelo, kuti galu wobwera poitanidwa asalangidwe ngakhale atachedwa chotani, chifukwa iye amakumbukira chomaliza, kuti uyambire pamalo a zii, kenako pafupi ndi nkhuku, kenako kumunda, kuti ukakwiya uleke, ukamwe madzi. Ndinalembamonso za kuchotsa nkhupakupa, ndi zoti galu woyamba kuchita dovu ndi kuluma zilizonse asamuyandikire munthu, ameneyo ndi chiwewe ndipo maphunziro alibe naye ntchito. Aphunzitsi a pa sukulu ya m'mudzi anakopera makope ena atatu, amene anayenda m'midzi mpaka anathera m'manja. Koma odziwa kuwerenga anali ochepa, ndipo kope silingakuonetse changu cha dzanja.

Loweruka lina kunabwera mayi wamasiye, a Nyakhuwa, akukoka kagalu kakuda ka nthiti zoonekera. Amuna amene analipo anayamba kutsokomola ndi kuyang'anana, poti za agalu zinkaonedwa ngati za amuna. Mayiyo anagwada chapatali nati, "Pepani abambo, ndamva kuti kuno mukuphunzitsa. Amuna anga anamwalira, ana ndi aang'ono, anyani andithera mapira chaka chatha ine ndili kumadzi. Chaka chino akandithera, tifa. Ndilibe wondilondera koma uyu."

"Dzina lake ndani?" ndinafunsa.

"Anenenji."

Amuna aja anaseka, koma mayiyo sanaseke. Ndinawafunsa chimene abweretsa, ndipo anamasula nsonga ya nsalu: munali timatemba touma tochepa, ndiwo za ana awo za tsiku limenelo. Ndinawauza kuti azidula katemba kamodzi patatu.

Pa anthu onse amene ndinawaphunzitsa, azungu ndi akuda omwe, sindinaone dzanja lofulumira ngati la mayi ameneyu. Sankachita manyazi kuyamikira galu, mawu awo sankasintha, ndipo sankafulumira kufuna zambiri. Kope sankatha kuwerenga, choncho ndinkawawerengera mutu umodzi Loweruka lililonse, iwo n'kubwereza mpaka walowa. Nthawi zina ankanditsutsa. Anandiuza kuti kuphunzitsa m'mamawa mokha n'kwa anthu opanda ntchito zapakhomo. Iwo ankaphunzitsa akusinja, akupeta, akupita kumadzi, pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo Anenenji anaphunzira msanga kuposa agalu anga. Ndinakafufuta mzere umenewo m'kope n'kulemba zawozo. Mapira atayamba kucha, kagalu kaja kankakhala pa chulu pakati pa munda kuyambira m'mawa, kakaona anyani n'kuuwa, n'kuwathamangitsa mpaka pamalire, n'kubwerera pachulu. Chaka chimenecho a Nyakhuwa anadzaza nkhokwe. Anabwera kwathu ndi lichero la mapira pamutu, natula pamapazi a amayi anu, nangoti, "Takhuta," misozi ili m'maso.

Akazi anzawo ataona, anayamba kupita kwa iwo, poti kunali kosavuta kufunsa mkazi mnzawo pamtondo kusiyana ndi kudzakhala pakati pa amuna pansi pa msangu. Kenako amuna awo anatsatira. Mawondo anga atayamba kuvuta ndinaleka za Loweruka, koma kwa a Nyakhuwa anthu sanaleke kupita, ochokera kwa Mbenje, ena mpaka kutsidya kwa mtsinje pa bwato.

Tsiku lina, zaka zitapitapo, ndinali kubwera kuchokera kumsika wa thonje ndi kagalu kanga katsopano, kamene kanali kasanaphunzire kanthu. Kanaona mbuzi n'kuyamba kukoka chingwe, ine n'kuima kudikira kuti katembenuke. Munthu wina wachilendo, wa msinkhu wa mwana wanga, amene ankadutsa ndi njinga yokankha, anaona ndodo yanga yoyendera m'dzanja n'kuganiza kuti ndikufuna kukamenya. Anaimika njinga nandiyandikira mwaulemu.

"Pepani bambo, musakamenye. Galu samenyedwa. Akachita bwino mumampatsa kansomba pomwepo, musanameze malovu."

"Ee? Mwazimva kuti zimenezi?" ndinafunsa.

"Ndi njira ya a Nyakhuwa, konkuno kwa Ndamera. Kwathu tonse timatsata imeneyo. Mupiteko, bambo, sakana munthu. Ngakhale achikulire ngati inu amawaphunzitsa."

Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana kagalu kanga, kamene tsopano kanali katasiya mbuzi n'kumandiyang'ana kumaso. Ndinatsegula dzanja, kanadya. Mlendoyo anagwedeza mutu mokondwa nati, "Mwaona? Mwayamba kale kugwira."

"Zikomo, mwana wanga," ndinatero. "Ndipitako."

Ndinapitadi madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndinawapeza a Nyakhuwa akupeta, ndipo ndinawauza kuti ndatumizidwa kudzalembetsa sukulu. Anaseka mpaka lichero linagwa, nkhuku n'kudya mapira, ndipo Anenenji, atakalamba, ali gone pamthunzi, anangokweza mutu osazithamangitsa.